Trevor Rabin: anapha Yes kapena anaidzutsa?

Limbani (Chilobwe): Akuluakulu, mwaswera bwanji. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi yandikhala pakhosi kuyambira Loweruka. Tinkayimba pa ukwati ku Lunzu. Titamaliza, ine ndikukulunga mawaya, bambo wina anabwera nkundigwira paphewa, amvekere: "Mwayesetsa achimwene, koma lidi ankaitha ndi uja anachoka uja." Bandi imeneyi ndakhalamo zaka 4. Nyimbo zomwe bamboyo anavina mpaka kuvula jekete, lidi yake ndinapeka ndine, wochokayo sanaigwirepo nkamodzi komwe. Ndinangoti zikomo bambo, nkunyamula ampu yanga. Kunyumba tulo tinakana kubwera, ndiye ndinatsegula YouTube nkumaonera Trevor Rabin mpaka bandulo inatha. Munthu ameneyu wakhala akumva mawu ngati omwewa kuyambira 1983. Amati ndiye anapha Yes. Ine ndikuti akumuweruza ndi dzina lomwe iye sanalipemphe. Madala Kachingwe, ndikudziwa kuti muli pompano ndipo simugwirizana nane.

Pemphero (Area 25): Achimwene Limbani, pepani ndi zomwe zinakuchitikiranizo. Koma ife ana a dzana tithandizeni kaye. Yes ndi bandi yakuti, nanga Rabin ndi ndani?

Limbani (Chilobwe): Yes inayamba ku London mu 1968. Amayimba progressive rock, kutanthauza rock ya nyimbo zazitali zosinthasintha, nyimbo imodzi kukhala ngati nyimbo zinayi zosokedwa pamodzi, penapake kugunda kwake sungawerenge 1, 2, 3, 4 monga tinazolowera ku tchalitchi. Woyimba gitala wawo wotchuka anali Steve Howe. Bandiyo itabalalika mu 1981, amene anadzakhala pamalo pa Howe ndi Rabin, mnyamata wobadwira ku Johannesburg pa 13 Januwale 1954.

Pemphero (Area 25): Wa ku Joni konkuno? Ndimayesa onsewo ndi a ku Mangalande.

Madala Kachingwe (Zomba): Ndaitanidwa, ndafika. Limbani mwana wanga, pepa ndi za ku Lunzu, anthu akakhuta pa ukwati amalankhula mosayeza. Koma usasakanize bala lako ndi mlandu wa Rabin. Ndikuuzeni mmene ine ndinaidziwira Yes. Msuweni wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi mbale zingapo za galamafoni m'sutikesi, imodzi inali ya chikuto chobiriwira, Close to the Edge ya 1972. Kumbuyo kwake kunali zithunzi za anyamata a tsitsi lofika m'mapewa, ndipo masiku amenewo mwamuna wa tsitsi lalitali kuno amakumana ndi apolisi, choncho chikutocho tinkachisunga pansi pa matiresi. Titaika singano, munayamba kulira mbalame ndi madzi a mumtsinje. Tinayesa mbale yolakwika. Kenaka gitala ya Howe inalowa ngati njuchi zasokonezedwa pamng'oma, ikuthamanga uku besi ikupita kwina, ng'oma nazo kwina, ukamati zasokonekera nkupeza onse akumana pamalo amodzi. Mbali yonse ya mbaleyo inali nyimbo imodzi, mphindi 18. Ndinatha miyezi ndikubweza singano kuti ndigwire kachidutswa kamodzi kokha, mpaka pamalopo panayamba kudumpha. Tsono taganiza, munthu wokula ndi zimenezo, mu 1984 ndikumva pa wayilesi nyimbo ya mphindi 4 yovinira m'disiko, muulutsi nkunena kuti imeneyo ndi Yes. Ndinamva ngati andiuza kuti tchalitchi chathu achisandutsa golosale.

Thoko (Nottingham): Madala, nyimbo yake ndi "Owner of a Lonely Heart" eti?

Madala Kachingwe (Zomba): Yomweyo mwana wanga. Sindikuti ndi yoipa. Ndikuti si Yes.

Limbani (Chilobwe): Apo ndiye mwanena mawu a Rabin yemweyo, madala. Nayenso sankafuna kuti ikhale Yes. Tiyeni tiyale bwino mmene zinayendera. Rabin anachoka ku Joni mu 1978 kupita ku London, anatulutsa zimbale zake zitatu, yomaliza Wolf mu 1981, koma sizinagulidwe kwenikweni. Anasamukira ku Los Angeles, kampani ya Geffen inamutenga nkumusiyanso. Anatsala ndi matepi a nyimbo zomwe anajambula yekha. Matepiwo anafika kwa Phil Carson wa ku kampani ya zimbale ya Atlantic, ndipo iyeyo ndi amene anamukumanitsa ndi Chris Squire wa besi ndi Alan White wa ng'oma, a Yes yobalalika ija, omwe anali opanda bandi nthawi imeneyo. Anaitana Tony Kaye pa kiyibodi, nkudzitcha Cinema. Bandi yatsopano, dzina latsopano, nyimbo zambiri zochokera pa matepi a Rabin, ndipo woyimba mawu amayenera kukhala iye ndi Squire. Chimbale chawo, chomwe chinadzatchedwa 90125, chitatsala pang'ono kutha mu 1983, Squire anakamvetsera Jon Anderson, woyimba mawu wa Yes yakale, nyimbozo, Anderson nkuzikonda, nkulowa. Apo a kampani anaona kuti m'chipindamo muli anthu 4 a Yes yakale, nkunena kuti dzina logulitsa ndi Yes. Rabin anakana, koma anali mmodzi. Ndiye mlandu wake ndi uti? Anamanga nyumba yake, ena nkubwera kudzakhoma chikwangwani cha eni pakhomo.

Madala Kachingwe (Zomba): Anakana ndi pakamwa, koma ndalama za dzinalo analandira zaka 12. Wolowa ufumu amalowa ndi dzina lomwe, ndipo milandu ya malemu imakhala yake. Sangadye za mpando nkumati musandifanizire ndi amene analipo.

Aphunzitsi Tembo (Chipata): Moni nonse. A Kachingwe, ndikufunseni mwaulemu: nanga Howe analowa dzina la ndani? Woyimba gitala woyamba wa Yes anali Peter Banks, ndipo ngakhale dzina loti Yes analiganiza ndi iyeyo. Anamuchotsa mu 1970, Howe nkulowa. Tony Kaye anachoka mu 1971, Rick Wakeman nkulowa. Bill Bruford wa ng'oma anachoka mu 1972, Alan White nkulowa. Pofika 1980 ngakhale Anderson panalibe, chimbale cha Drama anayimba ndi Trevor Horn. Bandi imeneyi kuyambira kale inali ngati basi, ena akutsika ena akukwera. Aliyense amakonda amene anawapeza m'basimo tsiku lomwe iye anakwera. Ndipo chinanso: pamene Rabin ankayesa nyimbo ndi Cinema mu 1982, Howe anali kuti? Anali mu bandi yotchedwa Asia, akuyimba nyimbo zazifupi za pa wayilesi, chimbale chawo choyamba nkukhala nambala 1 ku America masabata 9. Nyengo inali itasintha kwa onse.

Madala Kachingwe (Zomba): Za Asia musandikumbutse aphunzitsi, zinandiwawa mofanana.

Aphunzitsi Tembo (Chipata): Kuno nafe tinaziona. Bandi ya kuno ku Zambia ya WITCH m'ma 1970 inali ya gitala yolusa, Jagari Chanda akudumpha pa siteji. Jagari atachoka, chimbale cha Movin' On cha 1980 chinatuluka cha disiko, makiyibodi ali patsogolo. Akuluakulu ena mpaka lero safuna kuchimva, pamene achinyamata a kunja akuchifunafuna. Dzina ndi limodzi, koma ndi mabandi awiri.

Mayi Nabanda (Joni): Ine za nsambo sindizidziwa, ndinalowa gulu lino chifukwa cha mwana wanga amene amayimba besi. Koma dzina la Rabin ndimalidziwa. Agogo omwe ndimawasamalira kuno ali ndi mbale za Rabbitt, bandi ya Rabin ya kuno, m'kabati, ndipo akamakamba za bandi imeneyo maso awo amawala ngati mtsikana. Amati atsikana ankakuwa mpaka kukomoka. Tsiku lina anandiikira mbale ina, ndipo pakati pake ndinamva mawu a mayi wachikuda omwe ndinawazindikira. Ndinafunsa, akuti Margaret Singana. Ndinakhala pansi ndi nsanza yopukutira m'manja. Mayi ameneyu naye anayamba ngati wantchito wa m'nyumba ku Johannesburg konkuno.

Pemphero (Area 25): Margaret Singana si uja wa nyimbo ya mu Shaka Zulu?

Mayi Nabanda (Joni): Yemweyo mwanawe.

Limbani (Chilobwe): Zikomo mayi, mwatsegula mbali yomwe anthu ambiri amaidumpha. Mbale yomwe munamvayo ndi A Croak and a Grunt in the Night ya 1977, nyimbo yake "Tribal Fence". Rabin sanagwe kumwamba nkutera mu Yes. Bambo ake, Godfrey, anali loya komanso woyimba vayolini m'gulu la okhestra la Johannesburg, mayi ake ankayimba piyano. Iye anayamba piyano ali ndi zaka 6, gitala anaigwira ali ndi zaka 12. Asanakwane zaka 20 anali kale munthu wa m'situdiyo, woyimbira ena pa zimbale zawo, lero nyimbo ya country, mawa ya disiko, mkuja ya Singana. Atamuitana ku usilikali wokakamiza anamuika ku gulu losangalatsa asilikali. Anaphunziranso kulemba nyimbo za okhestra kwa pulofesa Walter Mony. Ife ogwira ntchito ya m'situdiyo timadziwa chomwe ntchito imeneyi imakuchita: imakuphunzitsa kumva nyimbo yonse, osati gitala yako yokha. Mwini nyimbo akakupatsa masekondi 20, uyenera kunena zonse m'masekondi 20 amenewo. Howe amayala nkhani ngati agogo pa mphasa madzulo. Rabin amalankhula ngati munthu amene ali ndi mayunitsi ochepa pafoni ndipo uthenga ndi wofunika. Onse awiri ndi luso.

Chisomo (Mzuzu): Ndikufuna ndifunse chovuta. Mzungu wa ku Joni wa m'ma 1970, wotchuka, atsikana akumukuwira, pamene ku Soweto ana akuwomberedwa mu 1976. Iye anaima pati?

Aphunzitsi Tembo (Chipata): Funso labwino a Chisomo. Banja lake silinali la tsankho. Sydney Kentridge, loya amene anaimira banja la Steve Biko pa kafukufuku wa imfa yake mu 1977, ndi wachibale wake. Ndipo tsankho lomwelo ndi limene linatsekera Rabbitt njira, chifukwa maiko akunja sankalandira mabandi a ku South Africa. Kwawo anali mafumu, koma sakanatha kudutsa malire. Pa chimbale chake cha 1989, Can't Look Away, nkhani ya dziko lake ilimo.

Chisomo (Mzuzu): Ndamva. Komabe iye anali ndi pasipoti ndi ndege yoti akwere. Singana anatsala. Sindikumuimba mlandu, ndikungofuna kuti tikamamumvera chisoni poti analowa dzina la eni, tikumbukire kuti ena analibe ngakhale khomo lolowera.

Mayi Nabanda (Joni): Apo wanena mwana wanga.

Limbani (Chilobwe): Zoona achemwali, sinditsutsa.

Thoko (Nottingham): Ndilowepo pa nkhani ya kamvekedwe, poti ndi ntchito yanga. Madala akuti nyimboyo ndi ya m'disiko. Ndikupempha muimverenso ndi mahedifoni. Imayamba ndi kachidutswa ka ng'oma komveka ngati kachokera m'wayilesi yakale, kenaka gitala yolemera ngati chitseko chachitsulo, kenaka zonse zimauma gwa, kutsala besi ndi ng'oma zopyapyala. Pakatipakati pamagwa kuphulika kwa malipenga kongobwera nkuzimiririka, kochokera m'makina a Fairlight omwe ankasunga mawu nkumawaseweretsa pa kiyibodi. Ameneyo ndi Trevor Horn, yemwe uja anayimba pa Drama, tsopano ali pampando wojambula. Mu 1983 zimenezi zinali zachilendo moti anthu ankayesa wayilesi yawonongeka. Ndiye solo yake. Pemphero, uli ndi gitala pafupi?

Pemphero (Area 25): Ili pamwendo panga achemwali.

Thoko (Nottingham): Rabin anadutsitsa gitala m'kabokosi kowonjezera noti ina pamwamba pa noti iliyonse. Ukagunda do, iko kamaika so. Ukagunda re, kamaika la. Mtunda wake susintha, kaya zikugwirizana ndi kiyi kaya ayi. Aphunzitsi a kwaya amaletsa mawu awiri kuyenda motero, amati zimamveka zouma. Iye anatenga choletsedwacho nkuchisandutsa solo. Nchifukwa chake imamveka ngati galasi likusweka, imakoka nsambo nkuisiya m'malere, osamaliza momwe khutu likuyembekezera. Yesa wekha: gwira nsambo ziwiri motalikirana choncho, uyendetse dzanja lonse osasintha mpata. Umva kuti si mawu okoma a pa ukwati. Tsono nyimbo yokhala ndi solo yoteroyo inakhala nambala 1 ku America mu Januwale 1984, nyimbo yokhayo ya Yes yomwe inafikapo pamenepo. Kwa ine kulowetsa chinthu chachilendo chotere m'nyumba za anthu mamiliyoni ndi progressive ndithu.

Pemphero (Area 25): Ndayesa. Zikumveka ngati belu la ku sukulu lang'aluka. Koma ndazikonda!

Madala Kachingwe (Zomba): Thoko, solo imeneyo sindinainyozepo. Ndinayesa kuigwira pa bandi yathu ya ku hotela, ndinalephera chifukwa kabokosiko tinalibe, ndinkayesa kuti ndi magitala awiri. Dandaulo langa ndi lina. Yes yakale inkakupempha kuti ukhale pansi, uzimitse nyali, upereke mphindi 20. Yatsopanoyi inkakutsatira kumene uli. Imeneyo ndi mizimu iwiri yosiyana.

Limbani (Chilobwe): Nanga "Changes" madala? Poyambira pake werengani kugunda, muone ngati mufika pa 4 bwinobwino. Nanga "Cinema", kanyimbo ka mphindi 2 kopanda mawu, komwe anayimba onse pamodzi m'situdiyo, nkupata Grammy mu 1985? Zinthu zomwe mumazikondazo zilimo, anangozipanikiza.

Madala Kachingwe (Zomba): Chimbale chopanda ngakhale dzina. 90125 ndi nambala ya m'kaundula wa kampani. Ife tinazolowera zikuto zojambulidwa ndi Roger Dean, zilumba zoyandama m'mwamba, ukuyang'ana chithunzi uku ukumvera.

Aphunzitsi Tembo (Chipata): Nambala imeneyo inagulitsa zimbale zoposa 3 miliyoni ku America kokha, kuposa chimbale china chilichonse cha Yes. Popanda iyo sindikukhulupirira kuti ana ngati Pemphero akanapeza njira yobwerera ku Close to the Edge. Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, a Kachingwe.

Madala Kachingwe (Zomba): Kalumo kakuthwa kamameta, komanso kamacheka.

Chisomo (Mzuzu): Kodi awiriwa, Howe ndi Rabin, anayimbapo limodzi?

Limbani (Chilobwe): Eya, mu 1991, ndipo nkhani yake ndi yowawa. Pofika nthawi imeneyo kunali magulu awiri. Anderson anatopa pambuyo pa Big Generator ya 1987, yomwe inatenga zaka ziwiri akukangana m'masitudiyo a ku Italy, London ndi Los Angeles, mpaka Horn anachoka Rabin nkumalizitsa. Ndiye Anderson anakatenga Bruford, Wakeman ndi Howe nkupanga gulu lawo, koma dzina la Yes linatsala kwa a Squire. Akampani anaphatikiza magulu awiriwa pa chimbale cha Union. Anthu 8: magitala awiri, makiyibodi awiri, ng'oma ziwiri. Koma m'situdiyo sanakhale pamodzi ngati bandi, ndipo pa nyimbo za gulu la Anderson wojambula anaitana anthu aganyu kudzayimbanso magawo ena a Howe ndi Wakeman. Wakeman mpaka anachitcha Onion, anyezi, poti chimamuliza. Taganizani, Steve Howe weniweni, gitala yake kuchotsedwa nkuikapo ya waganyu, chikuto nkulembabe dzina lake.

Thoko (Nottingham): Ndipo waganyuyo, Jimmy Haun, anayimba mofanana ndi Howe moti ambiri sanazindikire.

Madala Kachingwe (Zomba): Imeneyo ndi nkhanza. Pamenepo ndiye dzina linasanduka katundu wa pa msika. Koma vidiyo ya makonsati a Union ndinaionera, siteji yozungulira pakati pa anthu. Muone mmene amaimira. Howe ali ndi Gibson yake yamimba ija, waikweza pachifuwa, nkhope ili pa nsambo ngati telala pa makina. Rabin ali ndi Stratocaster yakale yokalikakalika, ili m'munsi, akuthamanga uku ndi uku akumwetulira. Akamayimba nyimbo zakale, Rabin amawonjezera mphamvu pamene Howe ankasiya mpata. Mpata umenewo ndi umene ine ndimaulira.

Limbani (Chilobwe): Apa madala mwandigwira. Nanenso ndikamayimba nyimbo zakale za bandi yathu ndimadzaza pamene mnzanga uja ankasiya. Mwina ndi zomwe bambo wa ku Lunzu ankamva. Koma kuti ndiziyimba ndendende ngati iye, ndiye kuti ine palibe, ndangokhala kaseti.

Aphunzitsi Tembo (Chipata): Kwanuko muli ndi chitsanzo chabwino. Evison Matafale atamwalira mu 2001, Black Missionaries sinafe. Musamude anatsogolera, atapita iyenso Anjiru anatenga. Alleluya Band ya ku Balaka yadutsamo mibadwo ingati kuchokera pa Paul Banda? Anthu amafanizira, inde, koma amapitabe kukavina.

Chisomo (Mzuzu): Kusiyana kwake aphunzitsi, a ku Chileka aja ndi a banja limodzi ndipo anasunga kayimbidwe komweko. Rabin anali wobwera, wochokera dziko lina, wocheperapo msinkhu, ndipo anabwera ndi nyimbo zakezake. Sanabwere kudzasunga, anabwera kudzamanga.

Limbani (Chilobwe): Ndi zomwe ndikunena. Ndipo chimbale chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi Talk cha 1994. Apa Rabin anachita zomwe anthu ngati madala ankapempha. Anakhala pansi ndi Anderson kuyambira pachiyambi nkulemba limodzi, osati Anderson kubwera kumapeto kudzaika mawu. Kumapeto kwa chimbalecho kuli "Endless Dream", mphindi zoposa 15, yoyamba ndi piyano yothamanga yomwe akuyimba Rabin yemweyo, kenaka imatsika, imakwera, imabwerera. Ndi nyimbo yokhalira pansi nkuzimitsa nyali. Koma nthawi imeneyo achinyamata anali atapita ku bandi ya Nirvana, akale aja anali atakwiya kale, kampani yomwe inachitulutsa, Victory, inagwa posakhalitsa. Chimbale chinangodutsa ngati mvula ya usiku. Mu 1995 Rabin anatsanzika.

Thoko (Nottingham): Ndiwonjezere za Talk. Anachijambulira kunyumba kwake ku Los Angeles, osati pa tepi koma pa makompyuta a Macintosh 4 olumikizidwa pamodzi, nthawi yomwe kompyuta inkangozima yokha ukaipatsa ntchito yolemera. Chinali chimodzi mwa zimbale zoyamba za bandi yaikulu kujambulidwa chotero. Lero mnyamata aliyense wa ku Ndirande kapena Kawale amene ali ndi laputopu ndi maikolofoni kuchipinda akuyenda m'njira yomwe anthu ngati iyeyo analambula. Situdiyo yakeyo anaitcha Jacaranda Room.

Mayi Nabanda (Joni): Jacaranda mitengo yomweyi?

Thoko (Nottingham): Yomweyo mayi. Mu 2012 anatulutsanso chimbale chopanda mawu ambiri chotchedwa Jacaranda, ndipo maina a nyimbo zake ndi malo a kwanuko: "Market Street", "Zoo Lake", "Killarney".

Mayi Nabanda (Joni): Mayo ine. Ku Zoo Lake ndi kumene timakumana Lamlungu masana ndi amayi anzanga ochokera kumudzi, timayala chitenje pa udzu nkumadya limodzi. Okutobala akafika misewu yonse ya kumeneko imakhala bii ndi maluwa ofiirira, ukamayenda amaphulika pansi pa nsapato. Ine ndikawaona ndimakumbuka Blantyre, mtima nkuwawa. Ndiye kuti iye ali ku America amaona mitengo yomweyo nkumakumbuka kuno. Market Street anaisintha dzina, pano ndi Albertina Sisulu. Ndiwauza agogo mawa, akondwa.

Pemphero (Area 25): Nanga atachoka mu 1995 anakatani? Anasiya gitala?

Limbani (Chilobwe): Aise, nyimbo zake unazimva kale kambirimbiri osadziwa. Anapita kukapeka nyimbo za m'mafilimu, oposa 40. Con Air, Armageddon, Enemy of the State, Gone in 60 Seconds, National Treasure, onse aja tinkaonera m'mavidiyo sho. Maphunziro a okhestra a ku Joni aja anagwira ntchito pamenepo. Nyimbo yomwe analemba ya mu filimu ya Remember the Titans ndi imene inalira ku Chicago usiku wa Novembala 2008 Obama atangomaliza kulankhula atapambana. Anthu ankalira misozi pa nyimbo ya Rabin, ndipo panalibe woti anene kuti Howe akanaiyimba bwino. Ine ndimaona kuti kumeneko ndi kumene anapumira. Dzina limatuluka kumapeto, timalemba tating'ono, anthu akudzuka kale m'mipando, koma ndi lake.

Madala Kachingwe (Zomba): Za Obama sindinkadziwa. Usiku umenewo tinachezera pa TV kwa aneba.

Chisomo (Mzuzu): Koma anabwereranso ku dzina lomwe lija, si choncho? Ndinaonapo chithunzi ali ndi Anderson ndi Wakeman atakalamba.

Aphunzitsi Tembo (Chipata): Anabwerera mu 2016, Squire atamwalira mu 2015. Anayamba ndi maina awo atatu, koma mu 2017 anayamba kudzitcha Yes nawonso, uku gulu la Howe likuyendanso ndi dzina lomwelo. Mabandi awiri, dzina limodzi, mpaka 2018. Apa ndiye a Limbani mfundo yanu ikutsimphina pang'ono. Munthu amene sankafuna dzinalo mu 1983 analinyamula yekha patapita zaka 34.

Limbani (Chilobwe): Ndavomera kuti ikutsimphina. Koma pofika pamenepo anali atalikhetsera thukuta. Dzina ukalisenza zaka 12, nyimbo yake yotchuka kwambiri nkukhala yako, limakhala lakonso. Chomwe ndikukana ndi kumamuyesabe mlendo.

Thoko (Nottingham): Madala, munaonera vidiyo ya Epulo 2017 pamene ankawalowetsa mu Rock and Roll Hall of Fame, kaundula wolemekeza akatswiri a rock, ku Brooklyn? Squire kulibe, ndiye besi inasowa mwini. Pa "Roundabout" anaimba Geddy Lee wa bandi ya Rush. Itafika "Owner of a Lonely Heart", amene ananyamula besi ndi Steve Howe. Nkhalamba yowonda, magalasi ali pamphuno, ikugunda besi ya nyimbo yomwe sinalembe, pamene Rabin akutsika pa siteji ndi Wakeman kulowa pakati pa anthu akuyimba solo. Ndinaibwereza katatu.

Madala Kachingwe (Zomba): Howe pa besi? Pa nyimbo imeneyo?

Thoko (Nottingham): Ndi maso angawa. Ndikutumizirani.

Madala Kachingwe (Zomba): Tumiza. Sizisintha zomwe ndinamva m'chipinda cha msuweni wanga, ndipo ndikafunsidwa woyimba gitala wa Yes ndidzayankhabe Howe. Koma Limbani, ndikufunse. Mu bandi yakoyo, nyimbo zomwe unapeka lidi, dzina lako linalembedwa penapake?

Limbani (Chilobwe): Ayi madala. Pa chikuto pali dzina la bandi ndi la mtsogoleri basi.

Madala Kachingwe (Zomba): Ndiye yamba pamenepo, usiye kulimbana ndi bambo wa ku Lunzu. Rabin ngakhale ankamunyoza, pansi pa nyimbo iliyonse yomwe anapeka panalembedwa kuti Rabin, ndipo ndi zimene zinamutsegulira khomo la mafilimu. Ife m'nthawi yathu tinkayimba usiku wonse nkulandira chakudya ndi ya basi, nyimbo zomwe tinapeka zinapita ndi eni hotela ndi eni zida. Kalankhule ndi mtsogoleri wako chimbale chisanatuluke, osati chitatuluka. Ukalembetsenso ku COSOMA. Ndipo matepi ako, kaya pano mumati mafayilo, uzisunga. Rabin anafika kwa Squire ndi matepi m'manja.

Limbani (Chilobwe): Ndamva madala. Tili ndi pulakatisi Lachitatu, ndikaiyamba nkhaniyi. Mafayilo ndili nawo okwana 14 mu laputopu, ena sindinamvetserepo munthu.

Chisomo (Mzuzu): Tiponyereni imodzi pagulu pano achimwene, timve.

Limbani (Chilobwe): Ndisankha usiku uno. Pemphero, ukafuna kumva mmene akuyimbira pano, anatulutsa chimbale china mu 2023, Rio, dzina la mdzukulu wake. Anali ndi zaka 69, zida zambiri anayimba yekha ndipo mawu akadali okwera.

Pemphero (Area 25): Ndikafuna kabokosi kowonjezera so kaja ndingakapeze kuti kuno? Kapena pali njira ya pa kompyuta?

Thoko (Nottingham): Pa kompyuta ndi zosavuta, ndikuonetsa kumbali. Mapedo ambiri a zonse-m'modzi alinso nako, yang'ana polembedwa pitch shifter, uike pa 7. Koma usakayese Lamlungu pa nyimbo ya chopereka usanawachenjeze a kwaya.

Madala Kachingwe (Zomba): Limbani, ija ya mphindi 15 ija wati dzina lake ndani?

Limbani (Chilobwe): "Endless Dream" madala. Ndakutumizirani kumbali pamodzi ndi vidiyo ya Thoko.

Madala Kachingwe (Zomba): Zafika. Pafoni sindimvera nyimbo yaitali. Magetsi akabwera ndiilumikiza ku sipika zazikulu, adzukulu akagona.